Kodi Njinga ya Agogo Ili ndi Zaka Zingati?

M'makomo ambiri muli njinga yakale yachitsulo yomwe yatsamira pankhokwe kapena yapachikidwa kudenga, ndipo palibe wodziwa mtundu wake ngakhale chaka chimene inapangidwa. Ana amaiyesa chiphakasa, nafuna kuipereka kwa ogula zitsulo pa mtengo wa nkhuku. Ife tikuti musanatero yambani mwaifufuza, pakuti mbiri yake inadindidwa pathupi pake pomwe.

Poyamba tiyang'ane chizindikiro chimene chili kutsogolo, m'munsi mwa mahandulo. Raleigh, yochokera ku Nottingham m'dziko la England, ili ndi mutu wa mbalame yonga kakowa. Rudge ili ndi dzanja lotambasula, BSA ili ndi mfuti zitatu, ndipo Phillips ili ndi mkango. Komatu dzina lokha lisatinamize. Kampani ya Raleigh inagula Humber mu 1932, Rudge mu 1943 ndi njinga za BSA mu 1957, ndipo mu 1960 inalowa m'gulu limodzi ndi Phillips ndi Hercules. Motero Humber ya 1965 ndi Raleigh ndithu, yongovala dzina lina.

Kachiwiri tifune nambala ya felemu. Kawirikawiri imakhala kunsi, pamene pamazungulira mapedulo, kapena pa mpope wonyamula chishalo. Kuyambira mu 1974 Raleigh inkayamba ndi malembo awiri. Loyamba linkatchula fakitale: N ndiye Nottingham, W ndiye Worksop, kumene ankapanga njinga zopepuka za mpikisano, za mahandulo opindikira pansi. Lachiwiri linkasonyeza nyengo ya chaka. Nambala yotsatana ndi malembowo ndiyo yomalizira ya chaka. Tsono 6 angathe kukhala 1976 kapena 1986, ndipo pamenepa tisowa mboni ina.

Mboni imeneyo ndi habu ya gudumu lakumbuyo. Ngati njinga ili ndi magiya atatu a Sturmey-Archer, pukutani girizi ndipo mudzaona malembo monga AW, ndi manambala monga 76 ndi 5, kutanthauza mwezi wachisanu wa 1976. Pa njinga za mpikisano zokhala ndi zipangizo za Shimano pamakhala timalembo tiwiri: loyamba ndi la chaka, A kuimira 1976, B kuimira 1977, ndipo lachiwiri ndi la mwezi. Kapepala komatidwa pa felemu kolembedwa Reynolds 531 kamatiuza kuti chitsulocho n'chapamwamba, chopepuka koma cholimba. Koma chaka sikatchula, popeza chitsulochi chinayamba mu 1935 ndipo chinagwiritsidwa ntchito zaka makumi ambiri.

Apa mpofunika kuchenjera. Njinga yomwe yanyamula matumba a chimanga zaka makumi anayi yasinthidwa magudumu, tcheni, chishalo ndi mabuleki kangapo konse. Habu ikhoza kukhala yochokera ku njinga ina. Felemu ndiyo njinga yeniyeni. Zinazo ndi zovala chabe. Chifukwa chake tisagamule ndi mboni imodzi. Chizindikiro, nambala ya felemu ndi habu zikagwirizana, pamenepo tinganene molimba mtima.

Wina angafunse kuti phindu lake nchiyani. Choyamba ndi ndalama. Raleigh zakale za ku Nottingham zinali ndi mazinga akeake, 26 pa inchi, pamene njinga zina zambiri zili ndi 24. Munthu wosadziwa amagula chipangizo chosalingana, nachikakamiza ndi sipanala, mpaka mazinga a felemu ataphwasuka. Chachiwiri, fakitale ya ku Nottingham inaleka kupanga njinga mu 2002, kotero yotereyi ikapita ku zitsulo siibweranso. Ndipo amene afuna kupenta, ayambe walemba manambala ndi zizindikiro zonse, chifukwa penti imakwirira umboni.

Anyamata ndi atsikana, tengani kope ndi pensulo, mukhale pansi ndi agogo anu. Afunseni kumene anaigula, kaya ku sitolo ya paboma, kaya anabwera nayo pochokera ku ntchito ku Joni kapena ku Salisbury, ndiponso kuti anasintha chiyani. Zimene anene muziyerekeze ndi zimene mwawerenga pa chitsulo. Makolonso tisathamangire kutaya. Njinga yosamalidwa bwino, yothiridwa mafuta ndi kusungidwa pouma, ikhoza kutengera mdzukulu kusukulu monga momwe inatengera agogo ake kumsika.