Njira yathunthu ndi njira yodalira malo ya database

Pa kompyuta, njira ya fayilo ndi mndandanda wa mayina a mafoda umene umalozera pulogalamu kumene fayilo ili. Njirazi zilipo za mitundu iwiri: yathunthu, imene m'Chingerezi amati absolute path, ndi yodalira malo, imene amati relative path. Pa mapulogalamu osunga deta mu database, kusokoneza ziwirizi kumachititsa wolemba pulogalamu kuganiza kuti deta yake yafufutika, pamene ili bwinobwino m'foda ina.

Kusiyana kwake

Njira yathunthu imayambira patsinde pa mafoda onse. Pa Linux ndi macOS tsindelo ndi chizindikiro cha /, ndipo pa Windows ndi chilembo cha disiki monga C:\. Choncho /home/wophunzira/nsomba/usipa.db imaloza fayilo imodzi yokha, kaya pulogalamu yayambira kuti. Njira yodalira malo, monga usipa.db kapena deta/usipa.db, ilibe tsinde. Kompyuta imaimaliza yokha poilumikiza ndi foda imene pulogalamu ikugwiriramo ntchito panthawiyo. Kadontho kamodzi kamaimira foda yomweyo, timadontho tiwiri timaimira foda ya pamwamba pake.

Zili ngati kulozera munthu njira pachilumba cha Likoma. Mawu akuti "Yofu, Likoma, Malawi" amatanthauza malo amodzi, kaya owanenayo ali ku Nkhata Bay kapena ku Johannesburg. Koma akuti "lowerani kumpoto mpaka mukafike kugombe" amathandiza yekhayo amene waima pa Mbamba. Munthu wa pa Chizumulu akawatsatira akafikadi kugombe, koma osati ku Yofu.

Chimene ophunzira ambiri sachizindikira msanga n'chakuti foda yogwiriramo ntchito si foda imene muli fayilo ya pulogalamu ayi. Ndi foda imene munthu, kapena pulogalamu ina, anali pamene ankaiyambitsa.

Vuto la SQLite

Vutoli limaoneka kwambiri pa SQLite, database imene D. Richard Hipp anatulutsa m'chaka cha 2000. SQLite imasunga zonse m'fayilo imodzi ndipo siifuna seva, n'chifukwa chake imapezeka m'mafoni a Android ndi iPhone, komanso imakondedwa kumalo kumene intaneti imadukaduka. Khalidwe lake ndi lakuti ikauzidwa kutsegula fayilo imene kulibe, siidandaula: imangopanga ina yatsopano yopanda kanthu.

Mwachitsanzo, wophunzira wa ku Yofu angalembe pulogalamu ya Python yosunga kuchuluka kwa usipa umene asodzi agulitsa tsiku lililonse, n'kulembamo njira yakuti usipa.db. Akamaiyambitsa ali m'foda ya nsomba, zonse zimayenda bwino. Tsiku lina akaiyambitsa ali m'foda ina, kapena kudzera m'pulogalamu yolemberamo khodi imene ili ndi foda yakeyake, pamabadwa usipa.db wachiwiri. Akachita mwayi amaona uthenga wakuti "no such table", n'kudziwa kuti penapake palakwika. Koma ngati pulogalamuyo imadzipangira yokha matebulo poyamba, sipaoneka uthenga uliwonse. Deta ya Lolemba imalowa m'fayilo ina, ya Lachiwiri m'fayilo inanso, ndipo zimadziwika pakutha pa mwezi ziwerengero zikakana kugwirizana ndi za m'kope.

SQLite imapanga fayilo koma siipanga foda. Njira ikakhala deta/usipa.db ndipo foda ya deta kulibe, imakana ndi mawu akuti "unable to open database file". Kukana kotereku n'kwabwino kuposa kukhala chete kuja.

Mapulogalamu oyamba okha nawonso amagwa m'vutoli. Ntchito yoikidwa mu cron imayambira m'foda yaikulu ya mwini akaunti, pamene ntchito za systemd zoyendetsa kompyuta yonse zimayambira patsinde penipeni ngati sizinauzidwe kwina.

Kuipa kwa njira yathunthu

Kulemba njira yathunthu m'khodi kumathetsa vuto limodzi n'kubweretsa lina. Njira ya /home/wophunzira/nsomba/usipa.db ilipo pa kompyuta imodzi basi. Khodiyo ikatumizidwa kwa mnzake kudzera pa Git, kapena ikaikidwa pa seva, kapena pa laputopu ya Windows, siigwiranso ntchito mpaka wina akonze mzerewo. Imaululanso dzina la akaunti ya amene analemba.

Mmene akatswiri amachitira

Njira yofala ndi yophatikiza ziwirizi: pulogalamu imafufuza yokha pamene ili, n'kumanga njira yathunthu kuchokera pamenepo. Django imachita zimenezi m'fayilo ya settings.py, m'mene BASE_DIR imasunga foda yaikulu ya pulojekiti ndipo db.sqlite3 imalumikizidwa kwa iyo. Ruby on Rails imalola njira yodalira malo m'fayilo ya config/database.yml, koma imaiwerenga kuyambira patsinde la pulojekiti. Mu SQLAlchemy kusiyana konse kuli pa kamzere kamodzi: pa Linux, sqlite:/// ya timizere titatu imatsatiridwa ndi njira yodalira malo, pamene sqlite://// ya timizere tinayi ndi yathunthu. Ambiri amataya maola chifukwa cha kamzere kameneka.

Njira ina ndi kuichotseratu m'khodi n'kuisiya m'manja mwa woyang'anira kompyuta, kudzera mu environment variable. DHIS2, pulogalamu ya ku University of Oslo imene Unduna wa Zaumoyo ku Malawi umagwiritsa ntchito posonkhanitsa malipoti a m'maboma, imapeza fayilo yake ya dhis.conf poyang'ana foda yolembedwa mu DHIS2_HOME. PostgreSQL imadziwa foda ya deta yake kudzera mu PGDATA kapena chizindikiro cha -D.

Ma database a seva monga MySQL, imene bungwe la Baobab Health Trust linkagwiritsa ntchito pamodzi ndi Ruby on Rails m'makompyuta osunga mbiri ya odwala m'zipatala za ku Malawi, amachepetsa vutoli. Pulogalamu siitchula fayilo, imangotchula dzina la seva ndi la database. Seva yokha ndiyo imadziwa foda, imene pa Ubuntu imakhala /var/lib/mysql.

Kukopera deta posungira

Pamene njira yodalira malo imapweteka kwambiri ndi pokopera database kuti isungidwe padera. Lamulo lokopera usipa.db usiku uliwonse likayambira m'foda yolakwika, lingathe kumakopera fayilo yachiwiri yopanda kanthu ija kwa miyezi osaonetsa cholakwika. Kumalo ngati Likoma, kumene wokonza makompyuta angafunike kudikira sitima ya Ilala kuti afike, zimenezi zimatulukira disiki itawonongeka kale. Pachifukwachi olemba mapulogalamu ena amaiuza pulogalamu kuti poyamba izisonyeza njira yathunthu ya database imene yatsegula, ndipo amatsegula SQLite ndi mode=rw, imene imakana kupanga fayilo yatsopano ngati yakaleyo sinapezeke.