KULOWA MU OSLO PA KHOMO LA MADZI

Mizinda yambiri ya ku Ulaya munthu amafikako pa ndege, natsikira pakati pa nyumba osadziwa pamene walowera. Koma mzinda wa Oslo, likulu la dziko la Norway, uli ndi khomo lenileni, ndipo khomolo ndi la madzi. Amene afuna kuudziwa bwino mzindawo alowere pamenepo pa sitima, cifukwa khomo lomwelo ndilo linapulumutsa mfumu yao ndi cuma cao pa tsiku la tsoka. Tiyeni tsono tiyende pamodzi ulendowu.

SITIMA YONGA MUDZI

Ulendo uyambira pa doko la Kiel, kumpoto kwa Germany. Pa 2 koloko masana sitima ya kampani ya Color Line imanyamuka pamenepo, nifika ku Oslo m'mawa mwace pa 10 koloko; ndiwo maola 20. Sitimazo ziripo ziwiri, Color Fantasy ya caka ca 2004 ndi Color Magic ya 2007, ndipo zimapambana pa njira, ina ikupita inzace ikubwera.

Ine ndine kalaliki, nchito yanga ndi manambala, cotero ndiloleni ndikupatseni. Utali wa sitima iri yonse ndi mamita 224. Inu amene munakwerapo Ilala pa Nyanja ya Malawi, ndandalikani a Ilala anai motsogozana, ndipo simunafikebe. Imanyamula anthu oposa 2,500 ndi magalimoto oposa 500. M'kati muli masitolo, nyumba zodyera ndi zikepe zokwera ndi kutsika monga za pa mgodi, kungoti izi ziribe fumbi ndipo palibe kapitao wokukankhirani m'kati. Wa paulendo ali yense amalipirira kacipinda kogona, pakuti usiku wonse muli pa madzi.

Cakumadzulo sitima imapita pansi pa ulalo wa Storebælt, umene unatsegulidwa mu 1998 kulumikiza zisumbu ziwiri za Denmark. Kucokera pa madzi kufika ku ulalowo pali mamita 65, komabe mukaima pamwamba pa sitima mtima umanena kuti cumuni igunda basi. Kukada mulowa m'nyanja za Kattegat ndi Skagerrak. Kumeneko mphepo ikauka mafunde sasewera, ndipo wa nseru acita bwino kudya pang'ono ndi kugona msanga.

MPATA WA DRØBAK

Kukaca mupeza mtunda uku ndi uku. Mwalowa mu Oslofjord, ndiyo nyanja yolowa m'kati mwa dziko monga mtsinje waukulu, utali wace pafupi makilomita 100, ndipo Oslo ali kumathero kwace. Muona matanthwe, mitengo ya paini, tinyumba ta matabwa tofiira ndi toyera, ndi timabwato tomangirira pa gombe. Pang'ono ndi pang'ono magombe awiriwo amayandikana, mpaka pa kamzinda ka Drøbak njira icepa zedi. Pakati pa mpatawo pali kacisumbu, ndipo pa kacisumbupo pali linga lochedwa Oscarsborg. Mbali ya kumadzulo anaitseka kale ndi khoma la miyala pansi pa madzi, kotero kuti sitima yaikulu iri yonse iyenera kudzera kum'mawa, pamaso peni peni pa mizinga.

Usiku wa pa 9 April 1940 Norway sanali pa nkhondo ndi munthu ali yense. Koma mu mdima, m'kati mwa nkhungu, munabwera sitima za nkhondo za Ajeremani zozima nyale. Patsogolo panali Blücher, sitima yatsopano yopangidwa ku Kiel komwe kuja tacokera. Inanyamula asilikari ndi akuluakulu amene anatumidwa kukagwira mfumu ndi nduna zace ndi kulanda boma m'mawa womwewo.

Mkulu wa linga anali Colonel Birger Eriksen, nkhalamba ya zaka 64 yoyembekeza kupuma pa nchito. Ambiri mwa anyamata ace anali atangolembedwa usilikari sabata imodzi yapitayo. Mizinga yace ikuluikulu itatu inali ya mu 1893, yogulidwa kwa Ajeremani omwewo ku kampani ya Krupp, ndipo inali ndi maina amene ife ophunzira ku mishoni tiwadziwa bwino: Moses, Aron ndi Josva. Eriksen analibe lamulo lomveka locokera kwa akulu ace, ndipo mu mdimawo sanathe kutsimikiza kuti sitimazo ndi za yani. Akadalakwa, mlandu wonse ukadagwa pa mutu pace. Akadazengereza, sitimazo zikadafika ku Oslo anthu ali m'tulo.

Paja amati galu wamkota sakandira pacabe. Itangopitirira 4 koloko mbanda kuca analamula kuomba. Mizinga iwiri yokha ndiyo inalira, uli wonse cipolopolo cimodzi, ndipo zonse ziwiri zinalasa. Moto unabuka pa Blücher. Mizinga ing'onoing'ono ya pa gombe la Drøbak inathandizako, kenaka mabomba awiri oyenda pansi pa madzi, a zaka pafupi 40, anaturuka m'phanga la m'thanthwe naboola sitimayo m'mimba. Patapita maola awiri inagudubuka nimira, ndipo anthu mazana ambiri anafera pomwepo. Sitima zotsatira zinabwerera m'mbuyo. Blücher ikali pansi pa madziwo kufikira lero, ndipo sitima yanu imadzera pafupi ndi manda ace.

Ajeremani analandabe Oslo tsiku lomwelo pogwiritsa nchito ndege, nakhala m'dzikomo mpaka May 1945. Koma maola owerengeka amene Eriksen anawacedwetsa ndiwo anali a mtengo wapatali. Mfumu Haakon VII, banja lace, nduna ndi aphungu anakwera sitima ya pamtunda nathawira kumpoto ku Hamar. Pambuyo pace mfumu inafika ku London, kumene boma lace linapitiriza nkhondo, ndipo inabwerera kwao pa 7 June 1945. M'mawa womwewo wa pa 9 April anthu a ku banki yaikulu ya dziko anapakira golide wa boma, matani pafupi 50, m'malole kupita naye ku Lillehammer. Kucokera uko anayenda pa njanji ndi pa madzi mpaka ku Britain, kenaka kutsidya kwa nyanja ku Canada ndi America. Inu ogwira nchito m'migodi ya golide, amene mudziwa kuti miyala imakumbidwa matani ndi matani kuti papezeke kagolide kokwana pa cikhatho, mudziwa kulemera kwa katundu ameneyo.

MU MZINDA

Kupitirira Drøbak madzi atambalalanso, ndipo posacedwa mzinda uonekera m'tsinde mwa mapiri a nkhalango. Muli anthu pafupi 700,000. Pa gombe pali linga lakale la Akershus, limene linayambidwa ca m'ma 1300. Mu 1624 moto unatentha mzinda wakale, ndipo Mfumu Christian IV inaumanganso pafupi ndi lingalo niucha Christiania. Dzina la Oslo linabwerera mu 1925.

Kucokera pa doko muyenda pansi pang'ono kufika pa Aker Brygge, pamene anaikapo nangula mmodzi wa Blücher. Capafupi pali nyumba ya njerwa zofiira ya nsanja ziwiri, ya khonsolo ya mzinda, yotsegulidwa mu 1950. M'menemo ndimo amapereka mphotho ya mtendere ya Nobel pa 10 December caka ndi caka kuyambira 1990, ndipo Nelson Mandela ndi F. W. de Klerk analandiriramo yao mu 1993. Mfumu Albert Luthuli ndiye anatsogola kwa anthu a mu Africa: anadzalandira yace mu Oslo mu December 1961, m'holo ya yunivesite, boma la South Africa litamlola kuturuka masiku 10 okha.

M'miyezi yofunda, kutsogolo kwa nyumba yomweyo kumanyamuka kabwato kopita ku Bygdøy, ulendo wa mphindi zowerengeka. Kumeneko asungako Fram, sitima ya matabwa imene inanyamula Roald Amundsen pa ulendo wace wokafika ku South Pole pa 14 December 1911. Alendo amaloledwa kukweramo ndi kuona mogona amalinyero.

MAU KWA OFUNA KUPITA

Safunsa anadya phula. Wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa ayenera kupeza viza ya Schengen asananyamuke; imodzi yomweyo imagwira ku Germany ndi ku Norway. Ndalama ya kumeneko ndi krone, ndipo cakudya ncokwera mtengo kwambiri, cotero werengani thumba lanu kawiri. Mu June dzuwa limakhala kunja maola oposa 18, koma mu December maola 6 okha ndi cisanu columa. Sitima imene yafika pa 10 koloko imabwerera pa 2 koloko masana, ndipo maola 4 sakwana kuona mzinda. Gonaniko masiku awiri kapena atatu.

Ndipo m'mawa uja wofikira, mukamva kuti Drøbak wayandikira, siyani tiyi wanu pa tebulo, valani jekete, muturuke pamwamba pa sitima. Yang'anani ku dzanja lamanzere. Moses, Aron ndi Josva akali pomwepo.