TIZINTHU TACHILENDO TOBADWA TIWIRITIWIRI

Awerengi athu ambiri, makamaka aphunzitsi, adziwa kuti zinthu zonse, monga dothi, madzi ndi matupi athu, nzomangidwa ndi tizinthu tating'onoting'ono totchedwa maatomu. Pakati pa atomu pali mapulotoni ndi manyutuloni, ndipo m'kati mwa amenewa muli tina tochepa koposa, totchedwa makwaki. Kodi chimachitika nchiyani tizinthu totere tikawombana pa liwiro lalikulu?

M'chaka cha 1947 Bambo George Rochester ndi Bambo Clifford Butler, akatswiri a ku Manchester, anali kujambula tinjira ta tizinthu tochokera kuthambo pamene tinali kupyola m'bokosi la nthunzi. Anaona tinjira ta mphanda, tonga chilembo V, tosonyeza kuti kanthu kosadziwika kasweka pawiri.

Chimene chinazunguza mitu ndi ichi: tizinthuti tinali kubadwa msangamsanga ndiponso tambiri, koma tinali kuchedwa kusweka. Gawani sekondi imodzi magawo 10,000,000,000. Kena kotchedwa lambda kamakhala magawo osakwana atatu. Kwa ife nthawiyi siwerengeka, koma iposa nthawi ya kubadwa kwake kamamiliyoni ochuluka. Nchifukwa chake anatitcha tachilendo.

Mu 1952 Bambo Abraham Pais anaganiza kuti tizinthuti sitibadwa kamodzikamodzi iai, koma tiwiritiwiri, ndipo mu 1953 makina a ku Brookhaven, ku America, anatsimikiza zimenezi.

Tsono lero tidziwa chifukwa chake. Pulotoni ikawombedwa kolimba, mphamvu ya liwiro ija sitayika, koma isanduka makwaki awiri atsopano: kwaki yachilendo ndi inzake yotsutsana nayo. Ziri monga munthu wokumba nkhuti: sangapeze dzenje popanda mulu wa dothi pambali pake. Kwaki yachilendo igwirana ndi makwaki awiri wamba kupanga lambda, inzake ija igwirana ndi imodzi kupanga kaon, ndipo tiwiriti tithawana. Titapatukana chotero, mphamvu yaikulu imene inatibala singathenso kuchotsa chilendocho. Nchito imeneyo itsalira mphamvu ina yofooka, imene igwira pang'onopang'ono.

Akatswiri akali kuyesa zimenezi ku CERN, pafupi ndi Geneva, m'ngalande ya pansi pa nthaka yozungulira makilomita 27. Aphunzitsi, mwana akafunsa kumene tizinthuti tichokera, musamuyankhe kuti nzamatsenga. Muuzeni kuti mphamvu ingathe kusanduka chinthu.