Bodh Gaya: Mtengo wa Buddha ndi mkangano wa makiyi a kachisi

Anthu amawoloka nyanja kuchokera ku Japan, Thailand ndi Sri Lanka kuti akangokhala pansi pa mtengo umodzi. Mtengowo uli ku Bodh Gaya, tawuni ya m'chigawo cha Bihar ku India, pafupifupi makilomita 100 kumwera kwa mzinda wa Patna. Ndi wa m'banja limodzi ndi mkuyu ndi kachere, ndipo tsamba lake likathothoka silichedwa pansi, alendo amalitola n'kukalisunga kwawo.

Abuda amakhulupirira kuti pamalo amenewa ndi pamene Siddhartha Gautama anatseguka maso n'kukhala Buddha, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Iye anali mwana wa mfumu ya fuko la Shakya, wobadwira ku Lumbini, komwe lero ndi ku Nepal. Ali ndi zaka 29 anasiya nyumba yachifumu, mkazi ndi mwana, mtima utamuvuta ndi funso lakuti n'chifukwa chiyani munthu amadwala, kukalamba ndi kufa. Kwa zaka 6 anadzizunza ndi kusala kudya mpaka nthiti kuwerengeka, koma yankho osalipeza. Nkhaniyo imati mtsikana wa m'mudzi wapafupi, Sujata, anamupatsa mpunga wophika ndi mkaka. Atadya anapezako mphamvu, anakakhala pansi pa mtengo uja m'mbali mwa mtsinje wa Niranjana, n'kulumbira kuti sadzuka kufikira atamvetsa gwero la mavuto a munthu. Chimene anapeza n'chakuti mavuto amabadwa ndi chilakolako chosatha, ndipo munthu angamasuke potsata njira yapakati, yosadzizunza komanso yosatengeka ndi zokoma.

N'chifukwa chake pa malo anayi opatulika a Abuda, Bodh Gaya ndiye mkulu. Enawo ndi Lumbini, Sarnath kumene analalikira koyamba, ndi Kushinagar kumene anamwalirira.

Amene anatchukitsa malowa ndi mfumu Ashoka, yomwe inawachezera cha m'ma 260 Yesu asanabadwe n'kuikapo mpando wa mwala wosema umene ulipo mpaka lero. Mwana wake wamkazi, Sanghamitta, anatenga nthambi ya mtengowo n'kukaibzala ku Anuradhapura ku Sri Lanka, komwe ikukulabe. Kachisi wa Mahabodhi amene waima pambali pa mtengo, wa njerwa zowotcha ndi wotalika mamita oposa 50, anamangidwa cha m'zaka za m'ma 500. Mmonke wa ku China, Xuanzang, anafika m'zaka za m'ma 630 n'kulemba kuti mfumu ina yodana ndi Chibuda, Shashanka, inali itaudula mtengowo ndi kutentha mizu yake, koma unaphukanso.

Kenaka Chibuda chinazilala m'dziko lomwe chinabadwira. Magulu ankhondo a Chiteki atagwetsa nyumba za amonke ku Bihar cha m'ma 1200, malowa anasanduka bwinja. Mmonke wa ku Tibet, Dharmasvamin, atafika mu 1234 anapezako amonke owerengeka chabe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ansembe a Chihindu opembedza Shiva anakhazikika pamenepo, ndipo mkulu wawo, mahant, anakhala mwini malo. Kunena chilungamo, iwowa ndi amene anasunga bwinjalo pamene eni ake anali atabalalika.

Mtengo wokalamba unagwa ndi mphepo mu 1876. Katswiri wa zofukulidwa pansi wa ku Britain, Alexander Cunningham, anabzala wina wochokera ku mbewu yake, ndipo kachisiyo anakonzedwanso m'zaka za m'ma 1880. Apa m'pamene panayambira mkangano umene sunathebe. Mu 1891 kunafika Anagarika Dharmapala wa ku Sri Lanka. Zinamupweteka kuona malo opatulika kwambiri a chipembedzo chake ali m'manja mwa ansembe a chipembedzo china, moti chaka chomwecho anayambitsa bungwe la Maha Bodhi Society, ndipo pambuyo pake anayamba kulimbana ndi mahant m'makhoti. Anamwalira mu 1933 asanaone chipambano.

India atalandira ufulu, boma la Bihar linakhazikitsa lamulo mu 1949 loti kachisiyo aziyendetsedwa ndi komiti ya Ahindu anayi ndi Abuda anayi, wapampando n'kukhala bwanamkubwa wa boma la Gaya. Mpaka 2013 lamulolo linkati wapampandoyo akhale Mhindu. Ahindu amati nawonso ali ndi gawo, poti ambiri mwa iwo amaona Buddha ngati mmodzi wa maonekedwe a mulungu Vishnu. Abuda amayankha kuti ku India kulibe chipembedzo china chimene malo ake opatulika amayendetsedwa ndi anthu a chikhulupiriro china. Pamenepa ali ndi mfundo yovuta kuitsutsa.

Mkanganowu sunaletse alendo. UNESCO inaika kachisiyu pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2002. Mabomba amene anaphulika pamalowa pa 7 July 2013 anavulaza amonke awiri, koma kachisi ndi mtengo zinapulumuka, ndipo chaka chomwecho nsonga ya kachisiyo inakutidwa ndi golide wochokera ku Thailand. Kuzungulira tawuniyi mayiko monga Bhutan, Myanmar, Japan ndi Vietnam ali ndi nyumba zawo za amonke, lililonse lomanga mwa kwawo.

Mu February 2025 amonke anayambanso zionetsero ndi kunyanyala kudya ku Bodh Gaya, kufuna kuti lamulo la 1949 lichotsedwe ndipo kachisiyo aperekedwe m'manja mwa Abuda okha.