KHUNYU YOBWERA PAMBUYO PA MALUNGO: KAFUKUFUKU WA DOTOLO BIRBECK

Kafukufuku wa zaka zambiri amene katswiri wa matenda a ubongo wa ku America, Dotolo Gretchen Birbeck, wacita muno m'Zambia ndi ku Malawi waonetsa kuti ana ena amene apulumuka ku malungo a mu ubongo amayamba kudwala khunyu patapita miyezi atatuluka m'cipatala.

A Birbeck anaphunzira za udotolo pa University of Chicago ndipo anapitiriza maphunziro a matenda a ubongo pa Johns Hopkins. Anafika koyamba pa cipatala ca mishoni ca Chikankata, ca mpingo wa Salvation Army m'cigawo ca kum'mwera, m'zaka za m'ma 1990. Pambuyo pake anagwira nchito pa Michigan State University, kenaka pa University of Rochester, koma mbali yaikulu ya kafukufuku wao yacitikira kuno ku Africa.

Pofuna kumvetsa nchito yao, m'pofunika kuyamba ndi zimene zimacitika m'mutu mwa munthu akagwa khunyu. Ubongo uli ndi timaselo pafupifupi mabiliyoni 86 timene timatumizirana mauthenga ndi mphamvu ya magetsi yocepa kwambiri. Timaselo tina timatulutsa madzi ochedwa glutamate amene amasonkhezera anzao kugwira nchito, pomwe tina timatulutsa GABA amene amawaletsa. Ziwirizi zikalingana, gulu lirilonse la timaselo limagwira nchito pa nthawi yake, monga anthu pa msika amene aliyense alankhula zake ndi mnzake. Kuletsa kukacepa, kapena kusonkhezera kukapitirira muyeso, timaselo tambirimbiri timawomba magetsi pa nthawi imodzi. Apa ndi pamene munthu amagwa, kuuma thupi ndi kugwedezeka, kapena kungoyang'ana cagaga kwa kanthawi osamva amene akumuitana.

Kugwa kamodzi si khunyu. Madotolo amachula dzina limeneli makamaka pamene munthu wagwa kawiri kapena kuposerapo, pa masiku osiyana, popanda comuyambitsa conga kutentha thupi kapena kucepa kwa shuga m'magazi. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO likunena kuti anthu pafupifupi mamiliyoni 50 ali ndi matendawa, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse amakhala m'maiko osauka ndi otukuka pang'ono. Bungweli likutinso anthu okwana 70 mwa 100 angathe kuleka kugwa atapezeka msanga ndi kulandira mankhwala oyenera.

Nchito yoyamba ya a Birbeck inali yowerenga odwala. Pamodzi ndi anzao a ku Chikankata, anacititsa kalembera wa khomo ndi khomo pakati pa anthu pafupifupi 55,000, ndipo zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2004, zinaonetsa kuti anthu oposa 12 mwa 1,000 alionse anali ndi khunyu. Mu 2007, magazini ya Lancet Neurology inafalitsa kafukufuku wina wa gulu lao woonetsa kuti odwala khunyu m'Zambia anali osauka ndiponso osapita patali ndi sukulu poyerekeza ndi anzao odwala matenda ena a nthawi yaitali. Cina cimene cimacititsa izi ndi cikhulupiriro cakuti thovu kapena malovu a munthu wakugwa amapatsira matenda. Cikhulupiriroci n'cabodza, koma cimacititsa kuti anthu athawe m'malo mocotsa wodwala pafupi ndi moto, ndipo ambiri amapsa koopsa.

Anatsogoleranso gulu la akatswiri limene mu 2012 linatulutsa malangizo a kaphatikizidwe ka mankhwala a khunyu ndi ma ARV. Mankhwala akale monga phenobarbital, amene amathandiza GABA ndipo ndi ochipa, amacititsa ciwindi kuphwanya msanga ma ARV ena, motero mphamvu yao m'magazi imatsika.

Funso lalikulu linatsala lakuti n'cifukwa ninji khunyu ndi yocuruka cotere m'madera athu. Yankho lina linapezeka ku Queen Elizabeth Central Hospital mumzinda wa Blantyre, kumene bungwe la Blantyre Malaria Project, lotsogozedwa ndi a Terrie Taylor ndi a Malcolm Molyneux, linakhala likufufuza za malungo a ana kuyambira m'zaka za m'ma 1980.

Pa malungo a mu ubongo, maselo ofiira a magazi amene alowedwa ndi tizirombo ta Plasmodium falciparum amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo. Magazi sayenda bwino, mpweya wabwino umacepa, ndipo mwana amakomoka. Vuto limene ofufuza anali nalo linali lakuti m'madera a malungo ana ambiri amakhala ndi tizirombo m'magazi ngakhale cimene cawakomola ndi cina. Kupima mitembo kumene zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2004 kunaonetsa kuti ana 7 mwa 31 amene anaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo anafa ndi zifukwa zina. Njira yosiyanitsira inapezeka m'diso. Kumbuyo kwa diso kuli timitsempha tofanana ndi ta mu ubongo, ndipo dotolo akaunika ndi kacipangizo ka nyali amaona mawanga oyera ndi timadontho ta magazi pa mwana amene alidi ndi matendawa.

A Birbeck ndi anzao anasankha ana 132 opulumuka amene maso ao anaonetsa zizindikiro zimenezi, ndi kuwalondola kwa nthawi yoposa caka, powayerekeza ndi ana ena 264 amene sanakomokepo ndi malungo. Zotsatira zinatuluka mu Lancet Neurology mu 2010. Ana 12 mwa 132 aja anayamba kudwala khunyu, pomwe mwa ana 264 panalibe ngakhale mmodzi. Ana 42, kutanthauza pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse, anatsala ndi vuto lina lake la ubongo: khunyu, kulemala, kubvutika kulankhula kapena kusokonekera kwa khalidwe.

Cofunika kwambiri pa zotsatirazi ndi nthawi. Ambiri mwa anawa anatuluka m'cipatala akuoneka kuti acira, ndipo kugwa kunayamba patapita miyezi. Akatswiri a ubongo amadziwa kuti malo amene avulala amasintha pang'onopang'ono: timaselo tina timafa, totsala timalumikizana mwatsopano, ndipo pa cipsera pamasanduka poyambira magetsi osalamulirika. Kholo limene mwana wake wayamba kugwa m'mwezi wa Okutobala silingaganize msanga za malungo a mu Febuluwale, ndipo m'posadabwitsa kuti ambiri amayamba apita kwa sing'anga.

Kafukufukuyu anapezanso zinthu ziwiri zimene zinasiyanitsa ana amene anadwala khunyu ndi anzao. Coyamba, matupi ao anatentha kwambiri pa nthawi imene anali m'cipatala. Caciwiri, anagwedezeka ali cikomokere. Makina oyeza magetsi a mu ubongo a EEG anaonetsanso kuti mwana angathe kukhala cigonere osagwedezeka pomwe ubongo wake uli mkati mwa kuwomba magetsi, cinthu cimene namwino sangacione ndi maso. Zizindikiro zake zimakhala zocepa, monga kuphethira kwa cikope kapena kupuma kosalongosoka.

A Birbeck analinso m'gulu lotsogozedwa ndi a Karl Seydel limene linajambula ubongo wa ana 168 ndi makina a MRI amene anaikidwa ku Blantyre mu 2008. Lipoti la mu 2015 m'magazini ya New England Journal of Medicine linati ana 25 anamwalira, ndipo 84 mwa 100 alionse a omwalirawo anali ndi ubongo wotupa kwambiri, poyerekeza ndi 27 mwa 100 a opulumuka. Ubongo ukatupa m'cigaza cimene sicingafutukuke, umapanikiza mbali imene imalamulira kupuma, ndipo mwana amaleka kupuma.

Popeza kutentha thupi ndi cinthu cimene cipatala ciriconse cingalimbane naco, a Birbeck anatsogolera kuyesa njira yatsopano pa ana 256 a zaka 2 mpaka 11 ku Blantyre, pa cipatala ca ana ca UTH mu Lusaka ndi pa Chipata Central Hospital m'cigawo ca kum'mawa. Theka la anawa linalandira cithandizo ca masiku onse, ndiko kupatsidwa paracetamol thupi likatentha kufika pa madigiri 38.5. Theka lina linapatsidwa paracetamol ndi ibuprofen pa maola 6 alionse kwa maola 72, osadikira kuti thupi litenthe.

Zotsatira, zimene zinafalitsidwa mu JAMA Neurology mu 2024, zinaonetsa kuti kutentha kwapamwamba kwa ana a gulu laciwiri kunali pa madigiri 38.6, pomwe kwa anzao kunali pa 39.2. Kusiyanaku kungaoneke kocepa pa pepala, koma ana a gulu laciwiri sanagwedezeke mobwerezabwereza kapena kwa nthawi yaitali monga anzao.

Mankhwala awiriwa ndi ochipa ndipo amapezeka m'zipatala zambiri, koma ana onse a m'kafukufukuyu anawalandira ali m'manja mwa madotolo, pamodzi ndi mankhwala akupha tizirombo ta malungo, uku magazi ndi impso zao zikupimidwa. Mwana wotentha thupi amene wagwedezeka kapena sakudzuka afunika kuthamangira naye ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo amene wapulumuka ku malungo a mu ubongo ayenera kubwerera naye kwa dotolo akayamba kugwa kapena kusintha khalidwe, ngakhale patapita caka.