Kavalidwe ka Munthu Wotsetsereka pa Chipale

Ku maiko kumene kumagwa chipale chofewa kuli masewera otchedwa snowboarding. Munthu amaima chammbali pa thabwa limodzi, mapazi onse awiri atamangidwa pa thabwalo, natsetsereka kuchokera pamwamba pa phiri. Mu 1965 bambo wina wa ku Michigan, Sherman Poppen, anawapangira ana ake aakazi thabwa lotere, ndipo mu 1998 masewerawa analowa m'mipikisano ya Olympics ku Nagano.

Ambiri a ife tikamva za chipale timaganiza kuti nzeru yonse ndi kuvala chijasi chachikulu. Ayi anzanga, si choncho. Mdani wamkulu wa wotsetsereka ndi thukuta lake lomwe.

Tiyeni titenge chitsanzo cha Zermatt, m'dziko la Switzerland. Mudziwo uli pa mamita pafupifupi 1,600, koma ngolo zoyenda pa chingwe zimakweza anthu kufikira pa Klein Matterhorn, mamita 3,883. Popeza mpweya umazizira ndi madigiri 6 kapena 7 pa mamita 1,000 alionse, pamwambapo pangathe kuzizira ndi madigiri 15 kuposa m'mudzi. Munthu potsika amagwira ntchito yolimba ndi miyendo, natuluka thukuta. Akafika pansi amakhala duu pa mpando wolendewera umene umamkwezanso, mphepo ikumuwomba. Motero tsiku lonse amangosinthana kutentha ndi kuzizira.

Apa ndi pamene nsalu ya thonje imampereka munthu. Thonje limamwa thukuta ndi kulisunga, ndipo madzi amachotsa kutentha m'thupi msanga, kuposa mpweya pafupifupi ka 25. Malaya a thonje amene anali abwino m'mawa amasanduka ngati chiguduli chonyowa pamsana, mwiniwake nayamba kunjenjemera, zala kuuma, ngakhale maganizo kusokonezeka. Chifukwa chake chovala chokhudza khungu chiyenera kukhala cha ubweya wa nkhosa kapena cha polyester, ndipo chigwire thupi. Polyester imauma msanga koma sichedwa kununkha. Ubweya umafunditsa ngakhale utanyowa pang'ono. Ine ndikadasankha ubweya, pomvera chisoni anzanga okhala nawo pa mpando umodzi.

Pamwamba pake pabwere juzi. Juziyo payokha siitenthetsa munthu. Ntchito yake ndi kusunga mpweya umene thupi latenthetsa kale. Ubwino wake ngwakuti dzuwa likakwera ingathe kuvulidwa ndi kuikidwa m'chikwama. Kunja kwenikweni kukhale jekete lotchinga mphepo ndi madzi. Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji osangovala pulasitiki? Yankho ndi lakuti pulasitiki imatsekera thukuta m'kati, munthu nanyowabe. Nsalu zonga Gore-Tex, zochokera pa zimene Bob Gore anatulukira mu 1969, zili ndi timabowo tating'onoting'ono tolola nthunzi ya thukuta kutuluka, koma dontho la madzi silingalowe. Majekete ambiri alinso ndi zipi m'khwapa, yotsegula munthu akatenthedwa.

Buluku ndiye asanyozedwe. Wotsetsereka pa thabwa, makamaka wophunzira kumene, amakhala pansi kawirikawiri: pomanga mapazi, popuma, ndiponso pogwa. Chipale chimasungunuka pansi pake, ndipo buluku wolowa madzi amathetsa masewera nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Za sokosi pali chodabwitsa. Peyala imodzi yaitali ya ubweya imafunditsa kuposa ziwiri, pakuti ziwiri zimathinitsa jombo, magazi nalephera kuyenda bwino, mapazi n'kuzizira koposa. Kumanja, magolovesi osunga zala zinayi pamodzi amafunda kuposa olekanitsa chala chilichonse. M'kati mwake ophunzira amavala zolimbitsa mfundo ya dzanja, chifukwa munthu akamagwa amatsogoza manja, ndipo kuthyoka pamfundopo n'kofala m'masewerawa. Kumutu kukhale chisoti cholimba, chimene chimatetezanso makutu ku mphepo.

Chimene alendo amaiwala kwambiri ndi dzuwa. Ndani angaganize zopsa ndi dzuwa kumalo kozizira chotere? Koma chipale chongogwa kumene chimabweza mpaka magawo 80 pa 100 a cheza choopsa cha dzuwa, ndiponso pamwamba pa phiri chezacho n'champhamvu kuposa kuchigwa. Choncho amadzola mafuta otchinga dzuwa kumaso, ngakhale kunsi kwa mphuno ndi chibwano, popeza kuwalako kumachokeranso pansi. Maso amawaphimba ndi magalasi akuda ogwira nkhope. Woyenda wopanda magalasi samva kanthu masana. Ululu umabwera patapita maola angapo, usiku, maso akufiira ndi kutuluka misozi ngati wina wathiramo mchenga, ndipo amatha tsiku limodzi kapena awiri ali m'chipinda chamdima.