NJINGA NAYO IPATSIDWE MALO PAMSEWU

M'mwezi wa Meyi chaka cha 2024 ndinakazonda mkulu wina wa mpingo wathu amene anagonekedwa m'chipatala, mwendo wake uli m'chikhakha. Bamboyu anachita ngozi pochokera kuchigayo madzulo, atamangirira thumba la ufa pakaliyala. Malole awiri anakumana pafupi ndi pamene iye anali, ndipo pofuna kuwapatukira anatsikira m'mphepete mwa phula, momwe madzi anali atakumba. Tayala lakutsogolo linalowa m'dzenje, iye n'kugwera mu ngalande. Nditamufunsa za ngoziyo anandiyankha mofatsa kuti: “Abusa, ine sindinalakwe, ndiponso woyendetsa lole uja sanafune kundipweteka. Msewu uja ndiwo unalibe malo a tonsefe.”

Chaka chimenecho banja lake linavutika, pakuti mwini munda anakhala miyezi itatu osagwira khasu, ndipo ndalama ya fodya inathera pa maulendo a kuchipatala. Mawu ake aja ndakhala ndikuwasinkhasinkha, ndipo ndiwo andichititsa kulemba nkhaniyi.

Njinga pa moyo wathu

Kuno ku Mualadzi, monganso m'madera ena a boma la Chifunde, palibe amene afunika kumufotokozera ubwino wa njinga. Ndiyo imanyamula chimanga kupita kuchigayo, feteleza kupita kumunda, makala ndi nkhuku kupita kumsika. Mayi akayamba kumva zowawa za uchembere usiku, kawirikawiri njinga ndiyo imamufikitsa kwa anamwino. Ana amene sukulu ya sekondale ili kutali ndi kwawo amaidalira, ndipo ife abusa ndi alaliki tikanalephera kuyendera mipingo ya m'midzi popanda iyo. Pamene nkhondo inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu athu anabwerera kuchokera ku Malawi ndi ku Zambia, kumalo monga Ukwimi, ndipo anapeza milatho itagumuka ndi njira zitamera thengo. M'zaka zimenezo banja limene linabwera ndi njinga linali ngati lili ndi galimoto.

Lero njinga zamoto zachuluka, koma si aliyense angathe kugula petulo. Njinga yopalasa siimwa mafuta, ndipo ikawonongeka mnyamata wa pansi pa mtengo amaikonza ndi sipanala, pampu ndi guluu womatira chubu. Ndiyo galimoto ya munthu wosauka, ndipo ikhalabe choncho kwa zaka zambiri.

Pamene phula labwera

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tinalira misewu yabwino, ndipo tiyamika kuti ina tinailandira. Msewu wa N9, umene uchokera ku Tete kukafika pachipata cha Cassacatiza, umalumikiza doko la Beira ndi dziko la Zambia, ndipo usana ndi usiku pamadutsa malole olemera a mafuta, feteleza ndi katundu wina. Koma msewu wosalala umaitananso liwiro. Lole yodzaza singaime msanga ngakhale dalaivala ataponda mabuleki ndi mphamvu zake zonse, ndipo mphepo yake yokha ikhoza kugwetsa wopalasa amene wasenza katundu wotambalala. Pamene msewu ulibe malo otsala m'mbali, wa njinga amasankha pakati pa zoipa ziwiri: kukhala paphula pafupi ndi matayala a lole, kapena kutsikira m'miyala ndi m'maenje.

Vutoli si lathu lokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1,190,000 amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, opalasa njinga ndi okwera njinga zamoto. Lipotilo linasonyezanso kuti, poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfa zotere n'zochuluka mu Africa kuposa chigawo china chilichonse, ngakhale kuti magalimoto athu ndi ochepa. Tanthauzo lake n'lakuti ambiri amene amafa pamsewu ndi anthu amene sanakhalepo ndi galimoto.

Zimene maboma ayamba kuchita

Kwa nthawi yaitali okonza misewu ankaganizira galimoto yokha, ndipo wa njinga ankaonedwa ngati wosokoneza. Maganizo amenewa ayamba kusintha. M'chaka cha 2018 bungwe la United Nations linakhazikitsa 3 Juni kukhala tsiku lokumbukira njinga pa dziko lonse. Mu Febuluwale 2020 nduna za maiko ambiri zinakumana ku Stockholm, m'dziko la Sweden, ndipo zinalimbikitsa kuti pamalo pamene magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi ndi njinga, liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola. Chaka chomwecho maiko anagwirizana kuti pakati pa 2021 ndi 2030 achepetse ndi theka imfa ndi kuvulala kwa pamsewu. Chifukwa cha nambala ya 30 n'chomveka: munthu wogundidwa ndi galimoto yoyenda pang'onopang'ono chotero kawirikawiri amapulumuka, koma liwiro likakwera mwayi wa moyo umatsika msanga.

Anansi athu a ku Zambia anapita patsogolo. M'chaka cha 2019 boma lawo linatulutsa ndondomeko yapadera ya oyenda pansi ndi opalasa njinga, imene ikunena za kumanga tinjira ta anthu, tinjira ta njinga ndi malo abwino owolokera msewu. Amene anafikako ku Chipata akudziwa kuchuluka kwa njinga mumzinda umenewo, kumene kale fakitale ya Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle zimene makolo athu ena anapalasapo. Ku Malawi nako anyamata a kabaza asandutsa njinga kukhala ntchito yodyetsa mabanja, kuyambira ku Mchinji mpaka ku Nsanje.

Chitsanzo china chili m'dziko lathu lomwe lino. Mzinda wa Quelimane, ku Zambézia, umadziwika kuti ndi mzinda wa njinga, pakuti anthu ambiri kumeneko amayenda pa njinga za hayala. Bambo Manuel de Araújo, amene anasankhidwa kukhala mkulu wa mzindawo m'chaka cha 2011, anadziwika ndi kupalasa njinga iwo eni ndi kupatula tinjira ta njinga m'misewu ina ya mumzinda. Sindikutchula izi pofuna kutamanda chipani, pakuti nkhani ya moyo wa munthu ilibe chipani. Ndikungosonyeza kuti pamene atsogoleri awerengera wa njinga ngati mwini msewu mnzawo, zinthu zimatheka ngakhale ndalama zili zochepa.

Zofunika kwathu kuno

Mualadzi si Quelimane, ndipo sitingayembekezere tinjira ta njinga topakidwa utoto m'mudzi uliwonse. Zosowa zathu n'zina, ndipo zambiri si zodula.

Choyamba ndi mphepete mwa msewu waukulu. Pamene msewu ukumangidwa kapena kukonzedwa, pakhale malo okwanira mbali zonse ziwiri, othiridwa phula ndi olekanitsidwa ndi mzere wooneka bwino, kuti wa njinga ndi woyenda pansi asalimbirane malo ndi lole. Kuwonjezera malowa pamene makina ali kale pantchito n'kotsika mtengo kusiyana ndi kudzawaitananso pambuyo pake.

Chachiwiri ndi liwiro pamisika, pasukulu, pachipatala ndi pamatchalitchi a m'mbali mwa msewu. Chikwangwani chokha sichiimitsa dalaivala amene akuthamangira kuti apeze chipata chisanatsekedwe. Zitunda zochepetsa liwiro, zomangidwa bwino ndi zopakidwa utoto kuti zioneke usiku, ndizo zimamukakamiza.

Chachitatu ndi njira za m'midzi. Kwa ambiri a ife ngozi yaikulu si lole ayi, koma mtsinje wodzaza m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, mchenga wozama ndi zigwembe zimene mvula imasiya. Kamlatho kakang'ono kamene njinga ndi ngolo zingadutsepo kakhoza kufupikitsa ulendo wa kuchipatala ndi maola angapo, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kilomita imodzi ya phula.

Chachinayi ndi mtengo wa njinga ndi zipangizo zake. Munthu amayenda wopanda mabuleki si chifukwa chokonda imfa, koma chifukwa tayala, tcheni ndi mabuleki zimadula ndipo zimapezeka kutali. Boma likamaganizira za misonkho ya katundu wolowa m'dziko, likumbukire kuti njinga ndi chida cha ntchito monga khasu. Mabungwe monga World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005 ndipo limafalitsa njinga zolimba za Buffalo ku Zambia ndi ku Malawi, asonyeza kuti njinga imakhalitsa pamene pali amakaniko ophunzitsidwa ndi zipangizo pafupi.

Kumene tingakanene

Wina adzati: “Abusa, zonsezi n'zabwino, koma adzatimva ndani?” Njira ilipo. Lamulo la m'chaka cha 2003 lonena za maofesi a boma a m'madera linatsegula mwayi wa mabwalo a uphungu, amene pa Chipwitikizi amatchedwa Conselhos Consultivos, kuyambira ku localidade, ku posto mpaka ku boma. M'mabwalo amenewa mumakhala mafumu, atsogoleri a zipembedzo, amayi ndi achinyamata, ndipo mfundo zawo zimathandiza pokonza ndondomeko ya chuma ndi chitukuko ya boma ya chaka ndi chaka, yotchedwa PESOD. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa bungwe la ANE, pamene bungwe la INATRO limayang'anira za kayendedwe ka pamsewu. Ambiri mwa amene amakhala m'mabwalowa ndi akhristu anzathu. Tiwafunse ngati nkhani ya njinga inakambidwapo.

Ndipo tikapita, tisapite ndi madandaulo okha. Mpingo uliwonse ukhoza kulemba m'kope malo amene ngozi zimachitika kawirikawiri, tsiku lake, nthawi yake ndi chimene chinachitika, komanso mitsinje imene imatseka njira m'dzinja. Kalata yotchula malo enieni, yosainidwa ndi mfumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo yosiyanasiyana, imalemera kuposa mawu a munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Mbali yathu

Sikungakhale chilungamo kuloza chala boma lokha. Malamulo a pamsewu a dziko lathu, amene anakonzedwanso mu 2011, amawerengera njinga pamodzi ndi zina zonse zoyenda pamsewu, ndipo wokhala ndi ufulu ali ndi udindo. Ku Mozambique, ku Malawi ndi ku Zambia timayendera kumanzere. Wopalasa nayenso ayendere kumanzere, motsatizana ndi magalimoto, osati moyang'anizana nawo. Mabuleki akhale ogwira, osati kudalira chidendene patayala. Usiku pakhale nyali kutsogolo ndi chonyezimira kumbuyo, ndipo chovala choyera chimaoneka patali kuposa chakuda. Pokhota titambasule dzanja nthawi ikalipo. Matabwa, malata ndi mabelo a fodya opingasa amatenga malo a galimoto yathunthu, choncho tiziwanyamula masana ndi mosamala. Ndipo ndinene mosabisa: wopalasa ataledzera amaika pangozi moyo wake ndi wa mwana amene wam'kweza.

M'chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 22:8, womanga nyumba analamulidwa kuika kampanda kuzungulira tsindwi lake, kuti munthu angagwe ndipo mlandu wa mwazi ungakhale panyumbayo. Mulungu sanadikire kuti wina agwe kaye. Anafuna kuti womanga aganizire mnzake asanayambe kumanga. Chimodzimodzi womanga msewu, woyendetsa lole ndi wopalasa njinga, aliyense ali ndi kampanda kake koti amange.

Mkulu wa mpingo uja anachira, ngakhale amatsimphina pang'ono. Wayambanso kupalasa, pakuti alibe njira ina yofikira kuchigayo ndi kumapemphero a m'midzi. Pamsonkhano wa akulu a mpingo iye ndiye anapempha kuti achinyamata athu asonkhe kandalama kogulira zonyezimira za njinga za akhristu onse, ndiponso kuti nkhani ya malo a njinga pamsewu tikaitule ku bwalo la uphungu la posto yathu. Tinavomereza zonse ziwiri. Pempho langa kwa inu, abale ndi alongo a m'mipingo ina, n'lakuti nanunso muikepo nkhaniyi pa msonkhano wanu ukubwerawu, ndipo Lamulungu likudzali, musanalowe m'tchalitchi, muyang'ane mabuleki a njinga zimene zatsamira pakhoma.